Dzina ndi la bwana, fayilo ili ndi mwana

Pali mawu awiri amene ndatopa nawo pa zikwangwani za maloya: "timachita zonse". Iwo amawalemba m'Chingerezi chonona, koma tanthauzo lake ndi lomwelo. Pansi pake pamabwera mndandanda wautali ngati wa zakudya za mu lesitilanti: milandu ya mabanki, ya makampani, ya misonkho, ya inshulansi, ya malo, ya pantchito, ya mabanja, ya chuma cha masiye. Ukawerenga umati basi, ndafika. Ine ndikuti ayi. Mbiri ya kampani ya maloya sikhala m'nyumba yonse. Imakhala m'zipinda ziwiri kapena zitatu, zinazo zimangobwereka dzina.

Izi sindinachite kumva. Amuna a azakhali anga atamwalira osasiya wilo, abale a malemuwo anabwera ndi loko watsopano n'kutseka nyumba ya lendi imene inkadyetsa ana atatu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linali kumbali yathu: mkazi ndi ana ndiwo oyamba kuganiziridwa, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Tinasonkherana ndalama pa gulu la WhatsApp la banja n'kupita ku kampani ina yaikulu mu Blantyre. Tinaisankha bwanji? Dzina basi. Bwana wake tinkamuwerenga m'nyuzipepala akupambana milandu ya makampani.

Bwanayo tinamuona kamodzi kokha, mphindi zosakwana khumi. Anawagwira dzanja azakhali n'kunena kuti, "Pepani mayi, musadandaule, nkhani yanu ili m'manja abwino." Manja abwinowo anali a mnyamata wamsinkhu wanga, wongomaliza kumene sukulu, amene pa tebulo pake mafayilo ankafika m'chibwano. Mnyamatayo sindimuda. Anali waulemu ndipo ankayesetsa. Koma fayilo ya banki ikangotsokomola, yathu inkaikidwa pansi. Azakhali ankadzuka m'bandakucha, kukwera minibasi kuchokera ku Chiradzulu, kudzangouzidwa kuti, "Loya wanu ali ku khoti lina, mubwerenso sabata ya mawa." Lendi ya miyezi yonseyo inkalowa m'thumba la olanda.

Ndiye tiyeni tifunsane, abale: mbiri imene timaithamangirayi imapangidwa kuti? Pali mabungwe onga Chambers and Partners a ku London amene chaka chilichonse amaika makampani a maloya pa mndandanda wa akatswiri. Amafunsa maloya anzawo, amafunsanso makasitomala. Koma gawo limene amayezera makampani a kuno ndi la malamulo a bizinesi, ndipo makasitomala oyankhawo ndi akuluakulu a m'maofesi ozizira. Palibe amene amaimba foni kuchokera ku London kufunsa mayi wamasiye wa ku Chiradzulu kuti, "Mayi, anakuthandizani bwanji?" Chizindikiro chimene chapachikidwa polandirira alendocho n'choona ndithu, kungoti sichikunena za mlandu wanu.

Nafenso tili ndi vuto lathu. Kuyambira pamene tinkamatirira pa wailesi kumvera mlandu wa chisankho cha 2019, mpaka chigamulo chija cha pa 3 February 2020, tinagwa m'chikondi ndi maina a maloya ngati mmene timachitira ndi osewera mpira. Tinaiwala kuti goloboyi wabwino si amene umamutuma kukagoletsa. Ngakhale High Court yeniyeniyo inavomereza kuti malamulo ndi nyanja. Kuyambira 2016 ili ndi nthambi zosiyana: ya milandu ya pakati pa anthu, ya zamalonda, ya upandu, ya misonkho, ndi ya mabanja ndi chuma cha masiye. Milandu ya pantchito ili ndi khoti lakelake, Industrial Relations Court. Ngati majaji anagawana ntchito, ofesi imodzi ingakhale bwanji yakuthwa mofanana mbali zonse? Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Wina anena kuti ndikungolusa chifukwa zinandionekera. Chabwino, ndivomere pamene pali choona. Kwa munthu amene akutsegula fakitale, kampani yochita zonse ndi mdalitso. Akufuna kugula malo, kutenga ngongole, kulemba antchito, kukambirana ndi a MRA, ndipo zonsezi zikachitikira pa denga limodzi, wa misonkho amangogogoda chitseko cha wa malo. Imeneyo ndi mphamvu yeniyeni. Ndikumvetsanso kuti banki imalipira mwezi ndi mwezi pamene azakhali analipira ndi ndalama zosonkha. Bizinesi ndi bizinesi. Chimene sindingavomere ndi kugulitsa dzina la chipinda cha mabanki kwa munthu amene mukudziwa kuti mukamukhazika pa benchi ya kukhonde. Kunena kuti, "Mayi, izi si zimene timazidziwa kwambiri, pitani kwa uje," sikuchotsa ulemu wa loya. Kumauwonjezera.

Tsono inu amene tsiku lina mudzakwere masitepe amenewo mutanyamula envulopu ya ndalama za banja, musachite manyazi ngati ife. Funsani kuti, amene adzagwire fayilo yanga tsiku ndi tsiku ndi ndani, ndimuone. Funsani kuti milandu yonga yangayi waigwirapo ingati. Funsani mtengo, ndipo aulembe papepala. Akakwiya ndi mafunsowo, yankho mwalipeza kale. Ngati thumba ndi lopepuka, Legal Aid Bureau inakhazikitsidwira anthu ngati inu, ndipo loya akakuseweretsani, ku Malawi Law Society kumalandiridwa madandaulo.

Ife tinachedwa kuphunzira. Pomaliza tinakaitenga fayilo ija n'kuipereka kwa mayi wina wa kaofesi ka chipinda chimodzi, pamwamba pa sitolo ku Limbe. Sindikunena kuti ofesi yaing'ono iliyonse ndi yabwino, ayi. Koma chikwangwani chawo chinali ndi mizere iwiri yokha, ndipo umodzi mwa mizereyo unali wathu. Atatsegula fayiloyo sanatiuze za manja abwino. Anangofunsa kuti, "Mayi, makiyi a nyumbayi ali ndi ndani lero?"

Kwa miyezi yonse ija, ku nyumba yochita zonse kuja, palibe amene anawafunsapo azakhali funso limenelo.