Mapiritsi a Digoxin Sagawana

M'midzi muli mwambo wabwino wopatsana zinthu, ndipo akuluakulu amati kupatsa nkuika. Mchere, ufa ndi moto zimayenda khomo ndi khomo. Koma pali chinthu chimodzi chosayenera kuchoka m'manja mwa mwini wake, ndicho mapiritsi a mtima otchedwa digoxin.

Mankhwalawa amaperekedwa kwa ena mwa anthu amene mtima wao wafooka, moti miyendo imatupa ndipo amabanika akagona chagada, ndiponso kwa amene mtima wao umagunda mothamanga ndi mosalongosoka. Amachokera ku chomera cha ku Ulaya chotchedwa foxglove. Dokotala wa ku England, William Withering, analemba za mphamvu ya chomerachi m'chaka cha 1785, ndipo iye yemweyo anachenjeza kuti muyeso ukapitirira, munthu amasanza ndipo mtima umayamba kugunda mochedwa.

Chenjezolo likadali loona. Kawirikawiri piritsi limodzi limakhala ndi 0.125 mg kapena 0.25 mg basi, ndipo limamwedwa kamodzi pa tsiku. Muyeso wochiritsa ndi muyeso wovulaza uli pafupi kwambiri. Thupi limachotsa digoxin pang'onopang'ono kudzera mu impso, kotero piritsi la lero limapeza ladzulo likadali m'magazi. Nchifukwa chake nkhalamba ndi odwala impso amapatsidwa muyeso wochepa. Tsono mayi amene agawirako apongozi ake poona kuti nawonso atupa miyendo, mtima wake ndi wachifundo ndithu, koma angathe kuwapha nacho chifundocho. Kutupa miyendo kumadzanso ndi matenda a impso, a chiwindi ndi kuchepa kwa magazi, ndipo wosiyanitsa zimenezi ndi wachipatala yekha.

Woiwala kumwa dzulo asamwe awiri lero. Angomwa limodzi pa nthawi yake. Kutupa kukaphwa, asaleke kumwa mwa iye yekha.

Digoxin akachuluka m'thupi, wodwala safuna chakudya, amachita mseru, amasanza, amamva chizungulire, ndipo nthawi zina zinthu amaziona zachikasu. Mtima ungathe kugunda kosakwana 60 pa mphindi imodzi, kapena modumphadumpha. Chomvetsa chisoni nchakuti kumudzi zizindikirozi zimatengedwa ngati malungo, achibale nathamangira kugolosale. Wotere asamwe piritsi lotsatira. Apite kuchipatala tsiku lomwelo, mankhwala ake onse ali m'manja.

Ambiri amamwanso mapiritsi okodzetsa a furosemide, amene amatayitsa mchere wa m'thupi wotchedwa potaziyamu. Mcherewu ukachepa, digoxin amavulaza ngakhale pa muyeso wa masiku onse. Kusanza ndi kutsekula m'mimba kumachita chimodzimodzi, choncho si matenda oti wodwala mtima adikire nawo kunyumba. Mankhwala enanso amasokoneza: erythromycin amaonjezera digoxin m'magazi, pamene magnesium trisilicate, wa chilungulira, amamchepetsa. Zitsamba za kwa sing'anga nazo ziululidwe kwa dokotala popanda manyazi.

Mzere wa pachipatala umatalika, zimenezo nzoona, koma wodwala asachoke pazenera la mankhwala asanamvetse kuti amwe angati ndiponso nthawi yanji. Wosadziwa kuwerenga apite ndi wachibale womthandiza. Kunyumba mapiritsi asungidwe pamwamba, posafika ana, pakuti ochepa chabe akhoza kupha mwana. Mwana akameza ngakhale limodzi, athamangire naye kuchipatala ngakhale akuoneka bwinobwino.