Ndani Adakupatsani Makiyi a Gehena?

Mwezi wathawu tidali pamaliro a nkhalamba ina m'mudzi wina wa m'parishi yathu. Malemuwo adakulira kudambwe ndipo adatsikira kuli chete asanabatizidwe, koma akazi ao ndi ana ao anai ndi Akhristu a Mpingo wathu, tsono tidapita kukakhuza monga mwa mwambo. Nthaŵi ya mau itakwana, padaimirira mlaliki wina amene adabwera ndi achibale a kutauni. Adatsekula Baibulo lake, naloza chala kubokosi, nauza khamu lonse kuti munthu amene wagona umoyu akupsa kale m'moto, ndipo yense wosafuna kumtsatira akweze dzanja. Mai wamasiye adagwa pansi. Patapita masiku atatu adafika kwa ife, nafunsa ndi mau onjenjemera kuti: "Bambo Mfumu, kodi ndiziwapemphererabe amuna anga, kapena ndikungotaya nthaŵi?"

Tidawauza kuti apemphere osaleka, ndipo m'maŵa mwake tidapereka nsembe ya Misa chifukwa cha malemuwo, pakuti malamulo a Mpingo a 1983, pa nambala 901, amalola wansembe kupereka Misa chifukwa cha munthu aliyense, wamoyo ngakhale wakufa. Koma funso lao latikhala pamtima. Tikudziŵa kuti m'mabanja ambiri muli funso lomweli, kungoti eni ake amaopa kulitulutsa. Choncho tilankhulapo mosapsatira mau, popeza zolakwa zimene zafala pa nkhaniyi ndi ziŵiri, ndipo zonse ziŵiri zikusokeretsa nkhosa.

Tiyambe ndi iwo amene amati Gehena kulibe. A Mboni za Yehova amaphunzitsa poyera kuti kulibe moto wosatha, woipa akafa amangotheratu. Palinso ena pakati pathu pomwe, makamaka ophunzira, amene amati nkhani ya moto adaipeka ndi amishoni kuti aopseze makolo athu aloŵe kalasi. Abale athuŵa tiwafunse kuti: kodi mwaŵerenga Mthenga Wabwino? Amene adalankhula kwambiri za Gehena m'Chipangano Chatsopano ndi Ambuye Yesu mwini wake. Dzinalo lidachokera ku chigwa cha Hinomu, kunja kwa Yerusalemu, kumene anthu ena ankatentha ana ao ngati nsembe kwa fano lotchedwa Moleki, mpaka mfumu Yosiya adaipitsa malowo kuti mwambo wonyansawo uthe. Yesu adatenga dzina la malo otembereredwawo kuti achenjeze za mathero a munthu wokana Mulungu. Pa Marko 9 akuti nkwabwino kutaya dzanja kapena diso kusiyana ndi kupita kumeneko uli wathunthu. Pa Mateyo 25 akulekanitsa nkhosa ndi mbuzi, ndipo chilango cha mbuzi akuchitcha chosatha monga momwe moyo wa nkhosa uliri wosatha. Wofuna kufufuta mau ameneŵa ayenera kuyamba wang'amba masamba ambiri a Baibulo.

Koma amati, Mulungu wachikondi angalole bwanji zotere? Ife tikuti chikondi chomwecho ndicho chifukwa chake. Tonse tikudziŵa kuti ukwati wokakamiza suli ukwati. Mpingo womwe suuŵerengera. Mulungu adatilenga aufulu, otha kuvomera ndi otha kukana, ndipo sadzakokera munthu kumwamba ngati mbuzi yopita kumsika. Munthu akakana Mulungu ndi mtima wonse mpaka kufa, kukana kwake kumalemekezedwa. Taganizaninso za chilungamo. Alipo anthu amene mbale wao akamwalira amafika ndi galimoto maliro asanathe, nasesa katundu yense, nasiya mai wamasiye ndi ana pamphasa yokha. Kodi tinene kuti munthu wotere, atafa osalapa ndi osabweza kanthu, adzangokhala pamodzi ndi amasiye aja ngati palibe chidachitika? Akuluakulu adati mlandu suola. Chiphunzitso chakuti pamapeto pake onse, ndi ziŵanda zomwe, adzapulumuka ndithu si chachilendo. Chidamveka kale m'dzina la Origen, ndipo msonkhano wa ku Constantinople udachikana m'chaka cha 543.

Nanga Gehena nchiyani? Katekisimu wa Mpingo wa 1992, kuyambira nambala 1033 mpaka 1037, amafotokoza kuti ndi kudzipatula kwamuyaya kwa Mulungu ndi kwa oyera ake, kumene munthu amadzisankhira yekha akafa m'tchimo lalikulu osalapa, ndipo chilango chachikulu kumeneko ndicho kusoŵa Mulungu amene adatilengera kuti tikhale naye. Papa John Paul II adabwerezanso zomwezi mu Julaye 1999, nati tisaganize kwambiri za dzenje la pamalo ena ake, koma za mkhalidwe wa munthu amene wadzichotsa kwa Mulungu mwaufulu ndi mosabwerera. Katekisimu yemweyo akunenetsa kuti Mulungu sadalembere munthu aliyense kuti akapite ku Gehena. Gehena iliko, ndipo wansembe wobisa zimenezi akunyenga anthu ake.

Tsopano titembenukire kwa mlaliki wa pamaliro uja ndi anzake, pakuti alipo ambiri, ena a iwo m'miphakati yathu yomwe. Funso lathu kwa iwo nlakuti: ndani adakupatsani makiyi a Gehena? Mpingo Wakatolika wakhala zaka pafupifupi 2000, ndipo walengeza maina ambirimbiri a anthu amene ali kumwamba. Mu 1964 Papa Paul VI adalengeza kuti Charles Lwanga ndi anzake, amaritiri 22 a ku Uganda, ndi oyera. Koma m'zaka zonsezi Mpingo sudalengezepo mwa chiphunzitso chake dzina la munthu ndi mmodzi yemwe kuti uyu ali ku Gehena, ngakhale Yudasi amene, amene Ambuye adamnenera mau oopsa. Chimene apapa ndi misonkhano ya aepiskopi sadayerekeze kuchita, munthu wongotsika basi dzulo, wosadziŵa ndi mfunda womwe wa malemu, akuchichita pamaso pa mkazi wolira. Kumeneku ndi kudziika pa mpando wa Mulungu.

Munthu wina adafunsa Yesu, pa Luka 13, ngati opulumuka adzakhala oŵerengeka. Ambuye sadampatse chiŵerengero. Adamuuza kuti iye mwini ayesetse kuloŵa pa khomo lopapatiza, naonjeza kuti adzabwera anthu kuchokera ku mbali zonse za dziko kudzakhala paphwando, pamene ena odziyesa eni nyumba adzatsala kunja. Ndipo munthu woyamba amene Yesu adamlonjeza Paradizo ndi pakamwa pake adali chigaŵenga chopachikidwa pambali pake, chimene chidalapa patangotsala maola ochepa kuti chife. Mlaliki wathu akadakhala pa Kalvari tsiku limenelo, akadaloza chala chigaŵengacho nauza anthu kuti onani mathero a oipa.

Tikudziŵa chimene adzatiyankhe. Adzati popanda ubatizo palibe chipulumutso, ndipo Mpingo wanu womwe umaphunzitsa kuti kunja kwake munthu sapulumuka. Sitikubisa kuti mau otere alipo. Cyprian woyera, episkopi wa ku Carthage amene adaphedwa mu 258, adawalemba polimbana ndi magulu amene adadzipatula ku Mpingo, ndipo msonkhano wa ku Florence mu 1442 udawanena mwaukali kwambiri. Koma mwini mau ndiye amadziŵa tanthauzo lake. Wansembe wina wa ku Boston, Leonard Feeney, adayamba kuphunzitsa kuti yense wosaloŵa mu Mpingo Wakatolika mooneka ndi wotayika. Mu 1949 ofesi ya ku Roma yoyang'anira chiphunzitso idalembera episkopi wamkulu wa ku Boston kuti zimenezo nzolakwa, popeza munthu angathe kulumikizana ndi Mpingo mwa chifuniro cha mumtima, ngakhale chifuniro chimene iye mwini sakuchizindikira bwino, pokhapokha ngati akufunadi kuchita zimene Mulungu afuna. Feeney adakana kumvera ataitanidwa ku Roma, nachotsedwa mu Mpingo mu 1953, ndipo adayanjanitsidwanso mu 1972.

Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatican udamanga mfundoyi poyera. Chikalata chake chonena za Mpingo, Lumen Gentium, cha mu 1964, pa nambala 16 chikuphunzitsa kuti anthu amene sadziŵa Khristu ndi Mpingo wake popanda kulakwa kwao, koma amafunafuna Mulungu ndi mtima woona nayesetsa mwa chaulere chake kutsata zimene mtima wao ukuwauza kuti nzolungama, angathe kulandira chipulumutso. Katekisimu pa nambala 1257 akuonjeza kuti Mulungu adamangirira chipulumutso ku sakramenti la ubatizo, koma Iye mwini sali womangidwa ndi masakramenti ake.

Nkhaniyi ikukhudza magazi athu. Ansembe a White Fathers adafika kwa Mponda mu 1889, nachoka mu 1891. A Montfort adatsekula Nzama mu 1901, ndipo a White Fathers atabweranso adatsekula Mua mu 1902. Zaka zambirimbiri za m'mbuyo mwakemo, makolo athu ambiri ankabadwa, kukwatira ndi kufa osamvapo dzina la Yesu. Komabe ankadziŵa Chauta, Namalenga, Mphambe. Ankamupempha mvula, ankadziŵa kuti kupha, kuba ndi kumana mlendo chakudya nkulakwa. Kodi tikhulupirire kuti Mulungu amene afuna kuti anthu onse apulumuke, monga Paulo woyera adalembera Timoteo, adalenga mibadwo yonseyo kuti ikhale nkhuni, chifukwa chakuti wansembe adachedwa kuoloka nyanja? Mulungu wotere si Atate a Ambuye athu Yesu Khristu.

Wina adzati, chabwino, makolo akalewo sadamve. Koma nkhalamba ija idamva belu la tchalitchi zaka makumi asanu, mkazi wake ali Mkhristu m'nyumba momwemo. Mfundo imeneyi njolemera, ndipo sitikuipeputsa. Chikalata chomwe chija, pa nambala 14, chikuchenjeza kuti munthu amene akudziŵa kuti Khristu adakhazikitsa Mpingo ngati njira yofunika ya chipulumutso, nakana dala kuloŵamo, sangapulumuke. Nchifukwa chake ife sitidauze mai wamasiye uja kuti amuna ao ali kumwamba. Kutero kukadakhalanso bodza. Koma kumva belu ndi kudziŵa Khristu ndi zinthu ziŵiri. Ndani wa ife adaloŵa mumtima mwa nkhalambayo kuti aone zimene idamvetsa? Ndani akudziŵa ngati si makhalidwe a Akhristu ena, akuba ndi oledzera a pa Sabata, amene adaitsekera khomo? Ndani adamva zimene idanena kwa Mlengi wake usiku wotsiriza, anthu onse ali mtulo? Paja pa Misa, m'pemphero lachinai la Ukaristia, timapempherera ndi akufa amene chikhulupiriro chao akuchidziŵa ndi Mulungu yekha.

Chimodzimodzi ndi amai amene adataya khanda lisanabatizidwe. Ambiri a ife tidaphunzira kukalasi za Limbo, koma limeneli lidali ganizo la akatswiri, silidakhalepo mfundo ya chikhulupiriro. Mu 2007 bungwe la akatswiri a zaumulungu la ku Roma, movomerezedwa ndi Papa Benedict XVI, lidanena kuti pali zifukwa zolimba zoyembekezera kuti ana otere amapulumuka. Za munthu wodzipha, Katekisimu pa nambala 2283 akutiuza kuti tisataye mtima, popeza Mulungu ali ndi njira zimene akuzidziŵa yekha zopatsira munthu mpata wolapa, ndipo Mpingo umawapempherera.

Nanga ngati zili choncho, tivutikiranji kulalika ndi kubatiza? Chifukwa Ambuye adalamula, ndiponso chifukwa yense wopulumuka, kaya akudziŵa kaya sakudziŵa, amapulumuka ndi magazi a Khristu yekha. Munthu angathe kufika kwao usiku wamdima popanda nyali, koma maenje ndi njoka zili m'njira, ndipo mbale amene ali ndi nyali naibisa adzayankha mlandu. Ife tapatsidwa Mau, Kulapa ndi Ukaristia. Mphatso zimenezi zikutiika pa mlandu waukulu koposa, pakuti nambala 14 yomwe ija ikunena kuti Mkatolika amene ali mu Mpingo ndi thupi lokha, mtima uli kwina, sadzapulumuka, ndipo adzaweruzidwa kolimba kuposa ena.

Apa ndiye pagona nkhani. Yesu ankalankhula za Gehena kwa amoyo amene anali kumumvera, kuti atembenuke nthaŵi ikadalipo. Mbuzi za pa Mateyo 25 zikutayika chifukwa zidaona wanjala, wamaliseche, wodwala ndi wam'ndende, nizipitirira. Wachuma wa pa Luka 16 akuzunzika chifukwa cha Lazaro amene ankagona pakhomo pake. Anyani amasekana zikundu: timaloza bokosi la mnzathu, pamene gogo wa nyumba yoyandikana nafe wagona ndi njala masiku aŵiri. Mu Januwale 2024 malemu Papa Francis adanena pa wailesi ya kanema ku Italy kuti iye amakonda kuganiza za Gehena yopanda munthu, nanenetsa kuti limeneli ndi khumbo lake chabe, si mfundo ya chikhulupiriro. Kulakalaka kotere kwa anzathu nkololedwa, malinga ngati mantha tawasungira ife eni, pakuti moyo umene tikuudziŵa machimo ake mkati ndi kunja ndi wathu wokha.

Tsono tikupempha akatekisti, atsogoleri a miphakati ndi onse opatsidwa mau pamaliro: chenjezani amoyo, ndipo muwachenjeze kolimba, koma womwalira mumsiye m'manja mwa Mwini wake. Ndipo inu mabanja, ukafika mwezi wa Novembala, pamene Mpingo umakumbukira akufa kuyambira pa 2, lembani maina onse pa pepala lanu: obatizidwa ndi osabatizidwa, makanda, agogo amene adafa amishoni asanafike, ndi uja amene mudauzidwa kuti musamtchulenso. Mai wamasiye uja watiuza kale kuti dzina la amuna ao lidzakhala loyamba pa pepala lao, ndipo ife tidzaliŵerenga paguwa.