Za M'kalasi Mwathu: Nthaka Tapondayi Ili pa Ulendo

Tsiku lina mwana wa Sitandade 7 kuno ku Embangweni anatifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi mafunde amene anamiza midzi ku Japan angafike kwathu kuno?" Anzake anaseka, pakuti ambiri a iwo nyanja amangoimvera kwa apaulendo, koma funsolo linali la nzeru ndithu.

Khungu la dziko lapansi si limodzi ayi. Ndi zibenthu zikuluzikulu za thanthwe, zonga mapale a mphika wosweka, ndipo zimayenda pang'onopang'ono monga chikulira chikhadabo. Ku Japan chibenthu cha pansi pa nyanja ya Pacific chimalowa kunsi kwa chinzake, masentimita ngati 8 pa chaka. Polowapo chimakakamira, nichikokera pansi mlomo wa chapamwambacho zaka mazanamazana, monga mnyamata apindira mtengo potchera msampha. Pa 11 Malichi 2011 msamphawo unafwamphuka. Pansi pa nyanja panatukuka, madzi nathamangira kumtunda, ndipo anthu oposa 15,000 anafa. Ndiponso chibenthu chomiracho chikafika kozama chimasungunulitsa miyala ya pamwamba pake, n'chifukwa chake maiko otere amadzala ndi mapiri olavula moto.

Kwathu kuno nthaka sikumira, ikung'ambika. Nyanja ya Malawi yagona m'chigwa chimene mbali zake zikutalikirana mamilimita owerengeka pa chaka, ndipo akasupe otentha a ku Chiweta ndiwo mboni yake. Motero zivomezi zathu sizifika pa ukulu wa cha ku Japan, koma zimabadwira pafupi ndi mapazi athu. Cha ku Salima pa 10 Malichi 1989 chinapha anthu 9, nichisiya pafupifupi 50,000 opanda pogona. Za ku Karonga mu Disembala 2009 zinagwetsa nyumba zambirimbiri.

Ife a kuseri kwa mapiri a Viphya tisadzinamize kuti tili kutali. Tayang'anani nyumba zimene tikumanga masiku ano: njerwa zootcha zomata ndi dothi, gebulo wamtali, koma lamba wa simenti ndi zitsulo womanga makoma onse pamodzi pamwamba pa mazenera palibe, ati n'kuwononga ndalama. Mdzukulu timamuyalira mphasa m'tsinde mwa gebulo yemweyo!

Mwana uja tinamuyankha kuti mafundewo sadzafika ku Embangweni. Kenaka tinayeseza kalasi lonse kulowa pansi pa madesiki ndi kuphimba mitu, ndipo amene amakhala pansi popanda desiki tinawasuntha kuwachotsa kukhoma.