Funso liyambe, chojambula chibwere pambuyo

M'chaka cha 1854 kolera idapha anthu oposa 600 m'dera la Soho ku London. Dokotala John Snow adatenga mapu a deralo n'kuika kamzere pa nyumba iliyonse pamene padagwa maliro, ndipo timizereto tidaunjikana mozungulira mjigo wa mumsewu wa Broad Street. Galafu ikadangomuuza masiku amene imfa zidachuluka. Iye ankafuna kuonetsa kumene matendawo akuchokera, n'chifukwa chake adasankha mapu.

Ambiri olemba malipoti masiku ano sayamba ndi funso. Amatsegula Excel n'kudina chimene chawakomera m'maso, ndipo kawirikawiri chimakhala tchati chozungulira chija chodulidwadulidwa ngati chigumu. William Playfair wa ku Scotland ndiye adachiyambitsa mu 1801, koma ndikukayika ngati ankalota kuti wina adzapanikizamo maboma onse 28 a dziko lino, lililonse ndi mtundu wake. Likoma amasanduka kaulusi. Lipotilo likapita pa fotokope, mitundu yonse imangoda mofanana.

Ngakhale zigawo zitakhala zitatu zokha, tchatichi chimanyenga. Kalembera wa 2018 adapeza kuti pa anthu 100 alionse, 44 ali kum'mwera, 43 pakati, 13 kumpoto. Kuchepa kwa kumpoto aliyense akuona. Nanga 44 ndi 43, diso la ndani lingasiyanitse pa chozungulira? Apa pafunika timizati toima moyandikana, nambala italembedwa pamwamba pa kalikonse.

Nkhani ikakhala ya kusintha kwa zinthu m'kupita kwa zaka, mzere ndiwo umalankhula. Tidali pafupifupi 4 miliyoni mu 1966, 8 miliyoni mu 1987, 13 miliyoni mu 2008, ndipo mu 2018 tidapitirira 17.5 miliyoni. Lumikizani manambalawa ndi mzere, ngakhale gogo amene sadapite patali ndi sukulu aona phirilo n'kumvetsa chifukwa chake minda ikuchepa.

Koma chenjerani ndi timizati tosayambira pa ziro. Wofuna kukometsa ntchito yake amadula kumunsi kuti kusiyana kochepa kuoneke ngati chozizwitsa, ndipo pamisonkhano anthu amaombera m'manja osayang'ana manambala a m'mbali.

Inu okonza malipoti, musanagwire kompyuta, lembani kaye m'chiganizo chimodzi chimene mukufuna kuti tione. Ngati manambala ake ndi awiri okha, musajambule chilichonse, ingotiuzani.