Buku la Mai Doris Lessing ndi Anthu a pa Komboni

Abale athu a m'mapulazi a Mashonaland, inu a ku Banket, ku Trelawney, ku Mvurwi ndi ku Marondera, amene makolo anu anadza ndi miyendo kucokera ku Nyasaland, ku Chipata ndi ku Tete, lero tifuna kuika pamaso panu mlandu wa buku lina limene anthu akhala akukanganirana kuyambira caka ca 1950. Dzina lace ndi The Grass Is Singing, ndiko kunena kuti udzu ulikuyimba, ndipo analilemba ndi Mai Doris Lessing. Kapena wina adzafunsa kuti, Nanga buku la Cingerezi, lolembedwa ndi Mzungu, litikhudza bwanji ife? Tiyankha kuti nthaka imene nkhani yace icitikapo ndiyo yomweyi atate anu anailima, ndipo anthu akuda amene aoneka m'masamba ace, ambiri opanda dzina, ali m'malo mwa agogo anu.

Mai Lessing anabadwa mu 1919 ku Persia, dziko limene lero lichedwa Iran. Mu 1925 makolo ace anadza naye ku Southern Rhodesia, nagula pulazi pafupi ndi Banket, m'dera la Lomagundi, kuti alime cimanga. Atate wace sanalemere nao ulimiwo, cotero mwanayo anakula akuona umphawi wa Mzungu wolephera, naonanso komboni ili pafupi. Mu 1949 anamuka ku London atanyamula zolemba zace, ndipo caka cotsatira nyumba yosindikiza mabuku ya Michael Joseph inaturutsa bukulo.

Nkhani yace ili yotere. Mary ndi mkazi wa Cizungu wogwira nchito ya ukalaliki m'tauni, wokhala bwino, wosasowa kanthu. Tsiku lina amva anzace alikumjeda kuti wapitirira zaka makumi atatu wosakwatiwa, ndipo manyazi amgwira kotero kuti abvomera kukwatiwa ndi Dick Turner, mlimi wosauka ndi wangongole. Amtengera ku pulazi, m'kanyumba ka malata kopanda siling'i, m'mene dzuwa liwaocha ngati ali m'ng'anjo. Dick ayesa njuci, ayesa nkhumba, ayesa nkhukundembo, atsegula sitolo, abzala fodya, koma zonse zikanika. Mary athawira ku tauni kukapempha nchito yace yakale, koma amkaniza, nabwerera wosweka mtima. Ukali wace wonse autsanulira pa anyamata a m'khichini, amene acoka mmodzi-mmodzi. Ndipo mmodzi wa iwo wolemba anena poyera kuti anali mnyamata woonda ndi ulendo wa pansi wocokera ku Nyasaland.

Pamene Dick adwala malungo, Mary apita kumunda kukayang'anira anchito, ndipo kumeneko akwapula kumaso ndi cikoti munthu wina dzina lace Moses, wophunzira ku mishoni, amene anaima kuti amwe madzi namyankha m'Cingerezi. Pambuyo pace Moses yemweyo alowa nchito ya m'nyumba. Mary amuopa, komanso ayamba kumdalira, kufikira kuti Mzungu wacinyamata wocokera ku England, Tony Marston, apeza Moses alikumbveka dona wace diresi. Mary apitikitsa Moses pamaso pa mlendoyo. Ndipo usiku wina Moses abwera, amupha pakhonde, nakhala pafupi kudikira apolisi wosathawa. Azungu a m'deralo, motsogozedwa ndi Charlie Slatter, mnansi wolemera, agwirizana kuti mlandu uthe msanga ndi kuti pasakhale wofunsa cifukwa cace.

Tsono awerengi a bukuli anagawikana, ndipo tiona magulu atatu.

Oyamba ndi Azungu ambiri a m'dziko lino m'masiku aja, amene analiyesa cipongwe ca mwana wa m'nyumba woulula za kucipinda. Kuti timvetse mkwiyo wao tikumbuke kuti kuyambira mu 1903 panali lamulo lolanga mwamuna wakuda wogona ndi mkazi wa Cizungu, koma losakhudza Mzungu wamwamuna wotenga mkazi wakuda. Cakomera mbuzi kugunda galu. Mantha a Azungu anali akuti munthu wakuda ndi cirombo cofuna akazi ao. Koma bukuli linaonetsa cina cimene cinawaopsa koposa, ndico dona amene anayamba kuona wanchito wace ngati munthu. Mai Lessing anasimba m'buku la moyo wace kuti wosindikiza wina wa ku New York anafuna kuti nkhani isinthidwe, kuti muoneke poyera Moses akugwirira Mary, ndipo iye anakana, pakuti kutero kukadasandutsa bukulo bodza lomwe lija iye analikulitsutsa. Mu 1956, cifukwa ca zolemba zace ndi maganizo ace pa ndale, analetsedwa kulowa m'Southern Rhodesia ndi m'South Africa, ndipo anadzapondanso dziko lino mu 1982, ufulu utabwera.

Aciwiri ndi awerengi a ku England ndi maiko ena, amene analilandira ndi manja awiri, kotero kuti linasindikizidwa kangapo m'miyezi yowerengeka. Mwa iwo, makamaka akazi a m'zaka zapambuyo, ambiri anati mutu weniweni wa bukuli ndi ukwati: kuti Mary anaphedwa kale ndi malilime a anzace asanakomane ndi Moses, pakuti analowa m'banja wopanda cikondi, pongofuna kutseka pakamwa pa anthu, nataya nchito, dzina ndi ufulu zimene zinamcititsa kukhala iye mwini. Ena a gulu lomweli amuda Mary kwambiri, nati nkhanza zace kwa anchito sizilola kuti munthu amcitire cisoni. Apa tiganiza kuti mai ali yense wa pa komboni angathe kuweruza bwino koposa ophunzira, pakuti mau akuti "ukwatiwa liti" sanenedwa m'Cingerezi mokha.

Acitatu ndi ophunzira a m'zaka zino, akuda ndi oyera, amene ati bukuli, ngakhale litsutsa tsankho, lidwala nthenda yomweyo. Afunsa kuti, Moses ndani? Kwao ndi kuti? Ali ndi mkazi kodi? Bukuli litilowetsa m'mtima wa Mary kufikira m'maloto ace, litiuza ngongole za Dick ndi umbombo wa Slatter, koma Moses timuona ndi maso a dona wace, thupi lalikuru loima pakhomo. Ndipo pa tsamba lotsiriza wolemba abvomera yekha kuti sangathe kunena zimene zinali m'mtima mwace.

Ife maganizo athu ndi awa. Oyamba aja analakwa, pakuti anakwiyira kalirole cifukwa ca nkhope yao. Aciwiri ananena zoona, koma theka lace. Acitatu ananenanso zoona, koma tiopa kuti mlandu auika pa munthu wolakwika. Mai Lessing analemba zimene anaziona ali pakhonde la nyumba ya bwana, ndipo pamene maso ace analekezera anaima, wosanamizira kudziwa za m'komboni. Ticiyesa cimeneco ulemu. Akadampatsa Moses maganizo opeka a Cizungu, bwenzi lero tikumdzudzula koposa. Cosowa m'bukuli sicikadalembedwa ndi mwana wa bwana. Ciyenera kulembedwa ndi ana a Moses.

Taonani kukula kwa nkhani imene ikali yosalembedwa mokwanira m'cinenero cathu. Mu 1935 bungwe lofufuza la boma la Nyasaland, lotsogozedwa ndi Travers Lacey, linayerekeza kuti amuna 120,000 anali kunja kwa dziko kukagwira nchito. Ena anatengedwa ndi cibalo, ena anakwera malori a Ulere amene boma la Southern Rhodesia linayambitsa mu 1936, ena anadzera kwa Mthandizi kuyambira mu 1946, ndipo ambiri anangoyenda pansi, kuoloka Zambezi, ali ndi citupa m'thumba. Munthu ali yense wa iwo anasiya wina kumudzi. Panali akazi odikira kalata zaka khumi, osadziwa ngati ali okwatiwa kapena amasiye. Panali ankhoswe osowa coweruza, popeza mkamwini sanafe ndipo sanasudzule. Panali machona amene anacita manyazi kubwerera manja ali zi, natenga mkazi wina pa pulazi, ena mwa ukwati wa mapoto wopanda nkhoswe, ena polipira malowolo kwa apongozi a Cishona ndi ndalama za matikiti a zaka zambiri.

Ndipo ana a maukwati amenewo anapeza bvuto limene Mary Turner sanalilote. Pa mwambo wa Acewa mwana ndi wa kwa amace, ndipo mwini mbumba ndi malume. Pa mwambo wa Ashona mwana ndi wa kwa atate wace, natenga mutupo wao. Cotero mwana wa bambo Mcewa ndi mai Mshona, akapita kwa amace amuuza kuti kwanu ndi ku Nyasaland, ndipo akafika ku Dedza kapena ku Nkhotakota amuuza kuti kwanu ndi kumene kuli amako. Mbali zonse ziwiri zimpereka kwa inzace mwaulemu, iye natsala pakati, mudzi wace ndi komboni, mfumu yace ndi kapitao. Amenewa ndiwo anachedwa Mabhurandaya, dzina locokera ku Blantyre, nanyozedwa kuti alibe mutupo.

Zotsatira zace mwaziona ndi maso anu. Pamene mapulazi analandidwa kuyambira mu 2000, anchito ambiri anataya nchito ndi nyumba tsiku limodzi, ndipo a Cinyanja analibe mudzi wothawirako. Lamulo la unzika la mu 2001 linasandutsa alendo anthu obadwira muno amene sanaonepo nyanja ya Malawi. Malamulo akuru a dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lao linacokera m'maiko oyandikana nafe a SADC, ndipo tiyamika. Koma pepala la boma silingauze mdzukulu dzina la mudzi wa agogo ace, kapena dzina la mkazi uja anatsala kudikira. Ngati funso la bukuli ndi lakuti munthu asanduka yani akalowa m'banja m'dziko la eni, palibe anthu odziwa yankho lace koposa inu.

Wina asanene kuti Cinyanja sicingasenze buku lotere. Samuel Yosia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba Nthondo, limene linapambana pa mpikisano wa mabuku a m'zinenero za Afrika mu 1933, ndipo Cullen Young analitembenuza m'Cingerezi mu 1934 ndi dzina lakuti Man of Africa. Zimenezo zinacitika zaka 16 buku la Mai Lessing lisanaturuke. Njira inalambulidwa kale, koma yamera udzu.

Mai Lessing analandira mphotho ya Nobel mu 2007, namwalira ku London mu 2013, ndipo mabuku ace oposa 3,000 anaperekedwa ku nyumba ya mabuku ya mzinda wa Harare. Mbali yace anaitha. Cifukwa cace tipempha inu anyamata ndi asungwana odziwa Cingerezi kuti muliwerenge bukuli, muwafotokozere akuru madzulo, ndipo mutsutsane nalo monga anacitira ena, pakuti buku limene anthu agwirizana nalo onse siliphunzitsa kanthu. Mukatero, tengani kope ndi pensulo, mukhale pansi pa mapazi a agogo amene akali moyo, muwafunse: Munacoka mudzi uti, kwa mfumu yiti, caka canji? Munasiya yani? Munakomana bwanji ndi agogo akazi, ndipo anaimira ukwati wanu ndani? Mufunsenso amai, pakuti iwo asunga zimene amuna aziiwala dala. Lembani m'Cinyanja momwe alankhulira, ndi Cishona cace cosakanizamo, osacita manyazi.

Akuru amene anakwera Ulere atsala owerengeka, ndipo caka ciri conse manda a pa mapulazi alandira ena. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Tikacedwa, adzukulu athu pofuna kudziwa za makolo ao adzapeza mnyamata woonda uja wa m'khichini ya Mary Turner, wopanda dzina, ndipo sipadzakhala wina womuuza kuti anali yani.