Mazira akufera pamsewu, mlandu n'kugwera wogula

Mlongo wanga amakhala ku Ngabu. Chaka chatha mu Okutobala anatenga ndalama zimene anakongola ku banki m'khonde, n'kugula makina oswera mazira olowa mazira 60. Kenako anaitanitsa matileyi awiri a mazira a nkhuku za Mikolongwe kwa munthu wina wa ku Lilongwe amene anamupeza pa WhatsApp. Mazirawo anakwera basi yausiku, anakhala padepoti ku Blantyre m'mawa wonse, n'kutsetsereka mapiri a ku Chikwawa dzuwa lili paliwombo, ali kunsi kwa mpando wa minibasi pafupi ndi injini. Pa tsiku la 22 foni inalira. "Achimwene, aswa 9 okha. Enawo ndaphwanya kuti ndione, ambiri muli timagazi basi. Kodi ndalakwitsa pati?" Wogulitsa uja anali atamuyankha kale kuti mwina sankatembenuza, mwina magetsi anathima, mwinanso makina ake ndi achabechabe. Za ulendo wa mazirawo sanatchuleko ngakhale pang'ono.

Ine ndikuti mlongo wangayo analakwitsa chinthu chimodzi chokha: anavomera kugula mazira oyenda mtunda wautali m'mwezi umene dzuwa la kuchigwa cha Shire limaswa mtengo. Ndipo amene anamugulitsa ankadziwa, kapena anayenera kudziwa, kuti katundu wakeyo sakafika wamoyo. Malonda otere achuluka kwambiri. Achinyamata ndi amayi a ku Nsanje, Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Karonga akutaya mpamba wawo pa mazira amene amafera m'njira, kenako n'kumadziimba mlandu okha.

Anthu ambiri amaganiza kuti moyo wa mwanapiye umayamba tsiku limene dzira lalowa m'makina. Ayi. Dzira la thadzi loyenda ndi tambala limaikiridwa kamluza kali kale m'kati, kangogona podikira kufungatiridwa. Chimene chimakagoneka ndi kuzizira. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amasunga mazira oswetsa pamalo ozizira madigiri 15 mpaka 18. Kutentha kukafika cha m'ma 27, kamluza kaja kamadzuka n'kuyamba kukula, koma kamakula mopunduka chifukwa kutenthako sikunafike pa 37.5 pamene kamafuna. Tsono taganizirani dzira lomwe lazizidwa usiku basi ikudutsa ku Dedza, latenthedwa padepoti, laphikika m'minibasi ku Thabwa, lazizanso madzulo. Kadzuke, kagone, kadzuke, kagone. Pofika m'makina kamakhala katatheratu mphamvu, ndipo kamafa m'masiku atatu kapena anayi oyambirira. Timagazi timene mlongo wanga anaona ndi umboni wa imfa imeneyi.

Pamwamba pa kutentha pali kugwedezeka. Kumutu waukulu wa dzira kuli kathumba ka mpweya, momwe mwanapiye amayambira kupuma asanaboole chikamba. Mabampu ndi zikhutepa za m'misewu yathu zimasuntha kathumba kameneka, nthawi zina mpaka kukamatula kuti kazingoyandama. Zimasiyanso timing'alu tosaoneka ndi maso, momwe tizilombo timalowera. Kondakitala sangaimbidwe mlandu pa zimenezi. Kwa iye katoni ndi katoni, ndipo thumba la kabichi likafuna malo amaliika pamwamba.

Funso limene ogula safunsa, ndipo ogulitsa sakonda kuliyankha, ndi lakuti mazirawa anaikiridwa liti. Dzira loswetsa limayamba kuchepa mphamvu likadutsa masiku 7, ngakhale litasungidwa bwino. Munthu wa matadzi 15 amene walandira oda ya mazira 60 amatolera pafupifupi sabata yathunthu, akuwaunjika m'nyumba yamalata. Onjezanipo masiku awiri a ulendo. Kumbukiraninso kuti m'nyengo yotentha nkhuku zimapuma wefuwefu, zimadya pang'ono, zimaikira mazira a chikamba chopyapyala, ndipo tambala nayenso mphamvu zimamuchepera. Komabe pa chikamba palibe tsiku lolembedwa, ndipo mtengo ndi womwewo wa mu Juni.

Nanga makinawo? Apa ndi pamene ndimadandaula kwambiri, chifukwa otsatsa makina amanena zonse kupatula chimodzi chofunikira kwa munthu wa kumalo otentha. Makina ang'onoang'ono amene afala masiku ano amadziwa kutenthetsa, sadziwa kuziziritsa. Anapangidwa kuti azikhala m'chipinda chofunda pang'ono, cha m'ma 21 mpaka 27, kuti iwo azingowonjezera pofika pa 37.5. Ku Ngabu, Nchalo ndi Bangula, masana a Okutobala ndi Novembala amapitirira madigiri 40 pamthunzi. M'chipinda chamalata chopanda siling'i ndiye kuposa apo. Makina akhoza kuzimitsa chotenthetsera chake, koma mpweya umene fani ikuzunguliza ndi wamoto kale. Komanso sabata yachiwiri ikamatha, anapiye m'mazira amayamba kutulutsa kutentha kwawo, ndipo kumafunika kochokera. Anthu amaopa kuthima kwa magetsi, amagula batire ndi sola, ndipo amachita bwino. Koma zoona zake n'zakuti dzira limapirira kuzizira kwa maola angapo kusiyana ndi kutentha kopitirira 40 kwa maola omwewo. Thadzi limadzuka pamazira kukadya, kukamwa ndi kukasamba fumbi, anapiye n'kuswa bwinobwino. Kupsa ndiye kulibe mankhwala.

Chinyezi nachonso chimasokoneza. Pamafunika cha m'ma 50 mpaka 55 pa 100 m'masiku 18 oyamba, n'kukwera kufika cha m'ma 65 kapena 70 m'masiku atatu omaliza pamene munthu wasiya kutembenuza. M'chilimwe mpweya umauma, dzira limataya madzi ambiri, mwanapiye n'kukakamira ku chikamba. Mvula ikagwa mu Disembala zimatembenuka. Kapepala kamene kamabwera ndi makina sikadziwa za kusiyana kumeneku.

Wina anena kuti ndikugwetsa ulesi achinyamata amene akuyesetsa kudzilemba ntchito okha. Anenanso kuti makampani akuluakulu amaitanitsa mazira oswetsa kuchokera kunja kwenikweni, ndipo amaswa. N'zoona. Koma mazira awo amayenda m'magalimoto ozizira, amalembedwa tsiku, amafikira m'zipinda zimene kutentha kwake kumayezedwa usana ndi usiku, ndipo zikavuta pamakhala pangano lonena amene alipire. Wogula wa ku Chikwawa alibe chilichonse mwa zimenezi. Ali ndi nambala ya foni ndi chithunzi cha nkhuku zonenepa. Sindikudana ndi makina oswera mazira. Nkhuku zamakono zambiri sizifungatira, ndipo amene akufuna anapiye 100 nthawi imodzi sangadalire matadzi. Chimene ndikukana ndi kuika chiopsezo chonse cha ulendo pamutu pa munthu wosauka amene sanauzidwe n'komwe kuti chiopsezocho chilipo.

Tili ndi chitsanzo chathu chomwe. Nkhuku yakuda imene tonse timaitcha Mikolongwe dzina lake lenileni ndi Black Australorp, mtundu wochokera ku Australia, ndipo inatenga dzinalo ku famu ya boma ya Mikolongwe m'boma la Chiradzulu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 boma lakhala likufalitsa nkhukuyi kuti ikwerane ndi nkhuku zachikuda. Onani njira imene anasankha. Ankaswetsa okha, kulera anapiye mpaka masabata 6, kenako n'kugulitsa kwa alimi, mothandizana ndi malo a ku Bwemba ku Lilongwe ndi ku Choma kufupi ndi Mzuzu. Ntchitoyi yakumana ndi mavuto ake, ndipo anthu amatsutsanabe ngati nkhukuyi imapirira moyo wongoyendayenda pamudzi. Koma pa mfundo imodzi anaona patali. Chamoyo chimene chamera nthenga chimapirira msewu kuposa dzira.

Ndiye munthu wa kumalo otentha amene akufuna mtundu wabwino ayambire pamenepo. Agule tambala mmodzi ndi misoti ingapo, ayende nazo m'mamawa kapena usiku, aziikira pakhomo pake. Tambala mmodzi amakwanira matadzi 8 mpaka 10. Pakatha miyezi yochepa adzakhala ndi mazira akeake odziwika tsiku, osakwera basi, ndipo makina aja adzayamba kubweza ndalama. Adzathanso kugulitsa kwa anzake a m'mudzi momwemo, mtunda woyenda pansi.

Tisanyozenso thadzi lachikuda. Limafungatira mazira 10 kapena 12, a mtundu uliwonse amene mwaliikira m'chikwatu. Limatembenuza lokha, kukatentha limadzuka n'kuimirira pamwamba pa mazira kuti apitidwe mphepo, ndipo likaswa limalera lokha n'kumateteza ana kwa kabawi. Silifuna mayunitsi. Agogo athu ankaika chikwatu pamthunzi, m'nyumba yaudzu, ankawaza phulusa pothana ndi utitiri, ndipo mazira osukusa ankakhala awiri kapena atatu. Nzeru imeneyi taisiya chifukwa ilibe wotsatsa pa Facebook.

Pali nkhani inanso imene sitiyenera kuibisa. Ena akuitanitsa mazira a mitundu yachilendo kuchokera kunja kwa malire, obisidwa m'zikwama, opanda chilolezo cha nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto. Matenda ena a nkhuku amayenda m'dzira momwemo kuchokera kwa make, ena amakakamira pa chikamba ndi pa tileyi. Mu 2023 chimfine cha mbalame chinachititsa kuti nkhuku mamiliyoni ziphedwe ku South Africa, mazira n'kusowa m'masitolo. Ife chitopa chokha chikutivuta kale chaka ndi chaka, ngakhale katemera wa I-2 wodontheza m'diso amapangidwa konkuno ku Lilongwe. Kuwonjezera mliri wina chifukwa cha tileyi imodzi ndi kusaganizira dziko.

Amene watsimikiza ndithu kugula mazira akutali, adikire Meyi, Juni kapena Julaye. Akatenge yekha, awanyamule pamiyendo, mbali yosongoka italoza pansi, atakutidwa bwino ndi mapepala kapena utuchi. Akafika asathamangire kuwaika m'makina. Awasiye apume maola 12 mpaka 24 pamalo ozizirirapo, monga pambali pa mtsuko wamadzi, osati m'furiji, ndipo asawatsuke, chifukwa madzi amachotsa kachikuto kotchinga tizilombo. Makina akhale m'chipinda chozizira kuposa zonse, pansi, kutali ndi zenera, atayatsidwa tsiku lathunthu mazira asanalowe, ndipo mukhale choyezera kutentha china chapadera chotsimikizira manambala a makinawo. Pa tsiku la 7 aunike dzira lililonse ndi tochi mumdima. Apa ndi pamene chilungamo chimaonekera. Dzira lamoyo limaonetsa mitsempha ngati ukonde wa kangaude. Loyera mbee ndiye kuti linalibe tambala kapena linafa lisanayambe n'komwe. La mkombero wamagazi linayamba n'kufa msanga. Mazira oyera ndi amkombero akachuluka pamene makina akhala akuyenda bwino, mlandu si wa wogula. Anapiye akamafera m'chikamba atakula kale, pamenepo ndiye wogula ayang'ane makina ake ndi chinyezi chake. Ajambule zithunzi tsiku lomwelo n'kutumiza kwa wogulitsa.

Inu alangizi a ziweto, mfundo zimenezi mumazidziwa. Zifikitseni m'magulu a amayi ndi achinyamata asanagule makina, osati atalira kale. Ndipo inu amene mumagulitsa mazira oswetsa, ambiri mwa inu ndinu alimi anzathu, ndipo sindikuti nonse ndinu achinyengo. Lembani tsiku ndi pensulo pa dzira lililonse. Musatumize dzira lodutsa masiku 5. Gwirizanani ndi wogula musanalandire ndalama kuti mazira oyera pa tsiku la 7 mudzabweza ena. Ndipo wina akakuimbirani kuchokera ku Nsanje kapena ku Karonga mu Okutobala, muuzeni zoona kuti adikire nyengo yozizira, kapena mumugulitse tambala. Mlongo wanga anabweza ngongole ya banki m'khonde pogulitsa mbuzi ziwiri. Musalole kuti kasitomala wanu wotsatira achite chimodzimodzi.