Bojayá inavota kuti inde

Mtsogoleri akakhala pansi ndi adani kuti nkhondo ithe, alangizi samusowa, ndipo Juan Manuel Santos wa ku Colombia anawamva onse pomwe boma lake linkakambirana ndi zigawenga za FARC ku Havana. Mu 2014, anthu 60 ozunzika pa nkhondoyo anapita komweko kukalankhula pamaso pa mbali zonse ziwiri, ena akulira abale ophedwa ndi asilikali a boma lomwelo. Koma pa 2 Okutobala 2016 nzika zinakana mgwirizano womwe unatuluka m'zokambiranazo ndi mavoti 50.2 peresenti. Ambiri ankati wakupha akangovomera mlandu n'kupatsidwa chilango cha zaka 5 mpaka 8 osalowa m'ndende, kumeneko n'kunyoza akufa. Sindiwadzudzula, woferedwa amafuna kumva loko akulira pachitseko. Chomwe chimandisowetsa mtendere ndi Bojayá. Kumeneko, mu 2002, bomba la FARC linagwera pa tchalitchi momwe anthu anabisala, n'kupha osachepera 79, ana ambiri ali m'gulumo. Dera lomwelo linavota kuti inde ndi mavoti opitirira 95 peresenti, pomwe mzinda wa Medellín unati ayi. Ndiye mtsogoleri amvere uti? Santos anasintha mfundo zina n'kusainanso mu Novembala, koma ulendo uno anadzera ku Nyumba ya Malamulo osabwerera kwa ovota, ndipo apo anazemba. Komabe khoti lobadwa mu mgwirizanowo ndilo linaulula mu 2021 kuti pakati pa 2002 ndi 2008 asilikali anapha anthu wamba 6,402 n'kuwanamizira kuti anali zigawenga.